Nthochi pambali pa kondowole

Mwezi wa Disembala ukafika ku Chintheche, mango amachuluka mpaka kusowa wowatola. M'mbali mwa msewu wa M5, kuchokera cha ku Bandawe kulowera ku boma la Nkhata Bay, mabeseni ndi madengu amandandalika, ndipo pansi pa mitengo pamamveka fungo la zipatso zimene zagwa usiku n'kuphulika. Mango akatha nthochi zimakhalapobe, mapapaya ndi mapeyala amabwera pa nthawi yake. Komabe pakati pa anthu amene ayamba kusamala za thupi lawo, monga mphunzitsi amene sikelo yam'dzidzimutsa, mnyamata amene amanyamula zitsulo madzulo, kapena mayi amene kuchipatala amulangiza kuchepetsa thupi, pafala lamulo lina lobwera ndi mafoni. Lamuloli likuti chipatso chizidyedwa pachokha, m'mimba mulibe kanthu, osachiphatikiza ndi nsima, mpunga, buledi kapena mbatata. Zifukwa zake zilipo ziwiri. Ena amati chipatso chikagwera pamwamba pa nsima chimatsekeredwa m'mimba n'kuyamba kusasa. Ena amati kudya nthochi utangomaliza kondowole n'kuthira shuga pa shuga, ndipo thupi limasandutsa zonsezo mafuta. Zifukwa ziwirizi sizilimba zikafufuzidwa. Chimene chimasuntha sikelo ndi kuchuluka kwa zonse zimene munthu wadya, choncho funso loyenera pa mbale iliyonse ndi lakuti chipatsocho chalowa m'malo mwa china chake kapena changosanjikidwa pamwamba pa zimene zinalipo kale.

Lamuloli linachokera kutali. M'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, dokotala wa ku America, William Howard Hay, ankaphunzitsa kuti zakudya za sitachi zisamakumane m'mbale imodzi ndi zakudya zomanga thupi kapena zipatso zowawasa. Wowerenga wa kunyanja akhoza kuseka pomwepa, chifukwa chiphunzitso cha Hay chikanatsatidwa kuno, kondowole ndi usipa zikanasudzulana kalekale. Mu 1985, Harvey ndi Marilyn Diamond anatulutsa buku lotchedwa Fit for Life, limene linagulidwa ndi anthu mamiliyoni, ndipo ndi limene linafalitsa kwambiri mfundo yakuti chipatso chidyedwe pachokha. Maganizo olekanitsa zakudyawa anayesedwapo. Mu 2000, Alain Golay ndi anzake a ku chipatala cha yunivesite ya Geneva anasindikiza zotsatira za anthu 54 onenepa kwambiri amene anawagawa pawiri kwa milungu 6. Onse ankalandira makalori ofanana, pafupifupi 1,100 patsiku, koma gulu lina linkadya zakudya zolekanitsidwa ndipo lina zosakaniza monga mwa masiku onse. Olekanitsa anatsika ndi makilogalamu 6.2, osakaniza ndi 7.5, kusiyana kochepa moti ofufuzawo anakuwerengera ngati kulibe. Kafukufukuyu ankayesa kulekanitsa magulu a zakudya, osati zipatso zokha, koma anagwedeza mzati umene lamulo la zipatso linatsamirapo. Onse anaonda chifukwa onse ankadya zochepa.

Nkhani ya kusasa ndi yosavuta kuiyankha ku Chintheche kusiyana ndi kwina kulikonse, chifukwa kuno aliyense amadziwa mmene chinthu chimasasira. Chinangwa chowawa, monga cha mtundu wa Gomani, chimasendedwa n'kuviikidwa m'madzi kwa masiku angapo, ndipo m'nyengo yozizira chimatenga nthawi yotalikirapo. Tizilombo tosaoneka ndi maso timafuna madzi odikha, kutentha pang'ono ndi masiku kuti tifewetse chinangwacho ndi kuthandiza kuchotsa poizoni wake, ndipo ndi tomweto timene timapatsa kondowole kafungo kamene mlendo amayamba wakadabwa. M'chifu cha munthu mulibe chilichonse mwa zimenezi kupatula kutentha. Muli asidi wamphamvu amene amapha tizilombo tambiri tikangolowa, chifucho sichidikha koma chimafinya ndi kutakasa zonse mpaka zikhale phala limodzi, ndipo chakudya chambiri chimakhala chitapita kale m'matumbo pakatha maola awiri mpaka anayi. Palibe mzere woti nthochi iime kudikira kuti nsima idutse kaye. Kusasa kwenikweni kumachitika kutsogolo, m'matumbo aakulu, kumene tizilombo tothandiza timadya ulusi wa m'zipatso ndi masamba umene thupi silinathe kugaya. Kumeneko kumachitika kaya chipatso chadyedwa m'mawa pachokha kapena masana pambuyo pa nsima, ndipo n'kofunika pa thanzi la matumbo.

Chifukwa chachiwiri chija, cha shuga pa shuga, n'cholemerapo, ndipo chimafuna masamu. Cholakwika chake chagona pa kuganiza kuti shuga ali m'chinthu chokhacho chimene chimatsekemera pa lilime. Sitachi ndi shuga yemweyo wotchedwa glucose, kungoti walumikizidwa ngati mikanda pa chingwe. Malovu amayamba kudula chingwecho m'kamwa, madzi a m'kapamba amamaliza m'matumbo aang'ono, ndipo chimene chimalowa m'magazi ndi glucose weniweni. Ufa wa chinangwa uli pafupifupi sitachi yekhayekha: m'magalamu 100 muli magalamu oposa 80 a sitachi ndi shuga, pamene zomanga thupi zimangokhala galamu imodzi kapena awiri. Tiyerekeze kuti munthu wamkulu wadya kondowole wa ufa wolemera magalamu 150, zimene si zachilendo kwa munthu wanjala. Walowetsa magalamu pafupifupi 120 amene adzasanduka shuga m'magazi, ndi makalori opitirira 500, asanawerengere mafuta a m'ndiwo. Nthochi yakupsa yapakatikati ili ndi magalamu pafupifupi 27 ndi makalori 105. Magalamu 100 a mnofu wa mango ali ndi makalori 60, a papaya 43. Munthu amene wameza mitanda yake mosawerenga kenaka n'kubweza nthochi poopa kunenepa wasiya katundu wamkulu pamutu n'kutula kachikwama.

Nthochi yomweyo imasonyeza kuti mpanda wa pakati pa chipatso ndi chakudya chokhutitsa anaumanga ndi anthu. Pa magulu 6 a zakudya amene a zaumoyo amaphunzitsa m'Malawi muno, nthochi yosapsa yophika, imene ku Karonga amaphikira mbalagha, imawerengedwa pamodzi ndi nsima ndi chinangwa. Ikapsa imasamukira ku gulu la zipatso. Chimene chachitika pa masiku ochepawo n'chakuti sitachi wake wadulidwa n'kukhala shuga nthochi ikadali pa mkoko, ntchito yomweyo imene m'mimba mukanagwira. Kodi lamulo loletsa kuphatikiza liyambe kugwira ntchito tsiku liti, khungu likayamba chikasu kapena likachita mawanga?

Wina anganene kuti nkhani si kuchuluka kokha koma liwiro, popeza shuga wa chipatso amalowa m'magazi msanga. Zimenezinso zinayezedwa. Mu 1981, David Jenkins ndi anzake a ku yunivesite ya Toronto anayambitsa muyeso wotchedwa glycemic index, umene umayerekeza mmene zakudya zimakwezera shuga m'magazi, glucose atapatsidwa nambala 100. Pa ndandanda imene akatswiri a ku yunivesite ya Sydney anasonkhanitsa mu 2008, buledi woyera ali cha pa 75, mpunga woyera wophika 73, pamene nthochi ndi mango zili cha pa 51 ndipo lalanje 43. Mavwende okha ndiwo ali pamwamba, koma gawo lalikulu la vwende ndi madzi. Zipatso zambiri, kutsekemera konseko, zimakweza shuga pang'onopang'ono kusiyana ndi buledi amene samveka kukoma shuga n'komwe. Zifukwa zake n'zakuti shuga wa m'chipatso watsekeredwa m'timatumba ta mnofu wake pamodzi ndi madzi ndi ulusi, ndiponso gawo lina la shugayo ndi fructose, amene amapita kaye ku chiwindi m'malo mokweza glucose mwachindunji. Ufa wosinjidwa bwino, wosefedwa ndi wophikidwa m'madzi otentha, kaya wa chinangwa kapena woyera wa chimanga, ulibe zotchinga zoterezi. Zotsatira zake n'zoonekeratu. Amene wachotsa gawo la mtanda n'kuikapo papaya wachepetsa liwiro la mbale yonse. Amene wasiya mitanda yonse monga inaliri n'kuwonjezera papaya, shuga wake akwera koposa pang'ono, chifukwa chakuti wadya zambiri.

Dzina la fructose lakhala likuopsezedwa nalo anthu masiku ano, ndipo mantha ake ali ndi poyambira. Mu 2009, Kimber Stanhope ndi Peter Havel a ku yunivesite ya California ku Davis anapatsa anthu onenepa zakumwa zotsekemera ndi fructose kwa milungu 10, zokwana gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu zimene thupi lawo limafuna patsiku. Mafuta a m'kati mwa mimba anachuluka ndipo thupi linayamba kusamvera bwino insulini. Koma tiyeni tiwerenge mlingowo. Kwa munthu wofuna makalori 2,400 patsiku, gawo limenelo ndi magalamu 150 a fructose. Nthochi imodzi ili ndi magalamu pafupifupi 7, kutanthauza kuti munthu angafunike nthochi zoposa 20 tsiku lililonse kwa miyezi iwiri ndi theka. Pa mlingo wochepa nkhani imatembenuka. Ofufuza a ku yunivesite ya Vanderbilt anapeza mu 2000 kuti kuwonjezera magalamu 7.5 a fructose pa magalamu 75 a glucose kunkachepetsa kukwera kwa shuga m'magazi mwa anthu ambiri amene anayezedwa, chifukwa fructose wochepayo amadzutsa chiwindi kuti chiyambe kukoka ndi kusunga glucose. Ndiponso shuga wa mu paketi amene timathira mu tiyi, wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Nchalo, theka lake ndi fructose yemweyo. Masipuni atatu a tiyi ndi magalamu 12 a shuga, botolo la Coca-Cola la mamililita 300 ndi magalamu oposa 30, ndipo zonsezi zimatsika kukhosi popanda kutafuna kapena kukhutitsa. Ndi chifukwa chake bungwe la WHO, pa malangizo ake a 2015 oti shuga wowonjezera asafike pa magawo 10 mwa 100 a mphamvu za patsiku, linawerengeramo juwisi ndi uchi koma linasiya kunja chipatso chathunthu.

Pali pamene otsutsa akunena zoona, ndipo tisawabisire. Nyengo ya mango si ya chipatso chimodzi pambuyo pa chakudya. Munthu amakhala pansi pa mtengo ndi beseni, ndipo mango aang'onoang'ono khumi amatha nkhani isanathe. Kilogalamu imodzi ya mnofu wa mango ndi makalori 600, kuposa kondowole uja tamuwerengera, ndipo amene wadya zimenezi masana n'kudzadyanso nsima yake yonse madzulo wadya chakudya chowonjezera chathunthu. Peyala nalo limanyenga, popeza silitsekemera koma magalamu 100 ali ndi makalori 160, ambiri ochokera ku mafuta. Koma taonani kuti lamulo lolekanitsa silikanam'pulumutsa munthu ameneyu, chifukwa mango a pansi pa mtengo amadyedwa paokha, m'mimba mulibe kanthu, ndendende monga lamulolo likufunira. Kudya chipatso pafupi ndi chakudya ndi kumene kumathandiza kuchepetsa. Mu 2009, Julie Flood-Obbagy ndi Barbara Rolls a ku Pennsylvania State University anapatsa anthu 58 apulo woduladula mphindi zochepa asanadye nkhomaliro, ndipo zonse zimene anadya, kuwerengera ndi apulo yemwe, zinatsika ndi magawo 15 mwa 100 poyerekeza ndi tsiku limene sanapatsidwe kanthu. Juwisi wa apulo sanachite zofanana. Chipatso chimadzaza malo m'mimba ndi madzi ndi ulusi, ndipo dzanja limabwerera ku mbale ya nsima kangapo kochepa. Pa zaka zambiri chithunzi chimakhala chomwecho: kafukufuku wa ku Harvard wa mu 2013, wotsatira anthu oposa 187,000, anapeza kuti okonda zipatso zathunthu ankadwala shuga mocheperapo, pamene okonda juwisi ankadwala mochulukirapo.

Zonsezi zikukhudza amene akufuna kuonda. Ku Chintheche kuli anthu ambiri amene vuto lawo ndi lina, la kupeza mphamvu zokwanira ntchito. Asodzi amene amapalasa bwato usiku ndi kukoka chilimira pofuna usipa, anyamata a kabaza, amayi osenza chinangwa chonyowa kuchokera kumene chinaviikidwa, ndi osewera mpira pa mabwalo a mchenga amatentha mphamvu zimene wa mu ofesi sangaziyerekeze. Kwa iwowa kuphatikiza chipatso ndi sitachi ndi nzeru imene akatswiri a masewera anachita kuitulukira mu labotale. Thupi limasunga shuga wochepa chabe, magalamu pafupifupi 400 m'minofu ndi 100 m'chiwindi, ndipo pa ntchito ya maola ambiri nkhokwe imeneyi imatha. Cha m'ma 2004, Asker Jeukendrup ndi anzake a ku yunivesite ya Birmingham anasonyeza kuti glucose amalowa m'magazi kudzera pa khomo lake la m'matumbo, limene limadzaza pa magalamu pafupifupi 60 pa ola, pamene fructose ali ndi khomo lina. Zikadyedwa pamodzi makomo onse awiri amagwira ntchito, ndipo n'chifukwa chake othamanga mitunda italiitali masiku ano amalangizidwa kufika magalamu 90 pa ola a shuga wosakaniza. Mu 2012, David Nieman wa ku Appalachian State University anayesa opalasa njinga 14 pa mtunda wa makilomita 75, ulendo wina akudya nthochi, wina akumwa chakumwa cha ochita masewera chokhala ndi shuga wofanana, ndipo liwiro lawo silinasiyane. Msodzi amene watenga chinangwa chophika ndi nthochi zakupsa popita panyanja wanyamula zomwezo zimene ena amagula m'mabotolo a mtengo wapatali. Wonyamula zitsulo kwa mphindi 40 sakufunikira masamu onsewa, koma asamale kuti nyama, nyemba kapena nsomba zikukwanira, popeza kondowole sam'patsa zomangira minofu.

Anthu awiri ayenera kuyankhidwa paokha. Woyamba ndi wodwala shuga, ndipo alipo ambiri: kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza matendawa mwa akuluakulu 5.6 pa 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno. Kwa iye magalamu onse a pa chakudya chimodzi amawerengedwa pamodzi, choncho mango likabwera mtanda uchepe, kapena chipatsocho chisungidwe kuti chidyedwe pakati pa chakudya cha masana ndi cha madzulo. Kuteroko ndi kugawa katundu kuti asalemere nthawi imodzi, ndipo mlingo wake ayenera kugwirizana ndi a kuchipatala amene amam'patsa mankhwala. Kusiyiratu zipatso sikuthandiza: ku Denmark mu 2013, odwala 63 amene anali atangopezeka ndi shuga anagawidwa, ena n'kuuzidwa kuchepetsa zipatso ndipo ena kudya ziwiri kapena kuposerapo patsiku, koma patatha miyezi itatu shuga wawo sanasiyane. Wachiwiri ndi amene amalumbira kuti akadya mango mimba imatupa ndi mpweya. Sakunama. Mango ali ndi fructose wochuluka kuposa glucose, ndipo matumbo a anthu ena amalephera kuyamwa yense, wotsalayo n'kukasasa m'matumbo aakulu. Chodabwitsa n'chakuti glucose amathandiza fructose kuyamwidwa, moti mango odyedwa paokha mochuluka ndi amene angavutitse kwambiri. Ngati wina anena kuti kafukufuku wambiri watchulidwayu anachitikira kunja, pa maapulo ndi buledi, yankho n'lakuti glucose wochokera ku chinangwa ndi wochokera ku tirigu ndi chinthu chimodzi, ndipo chifu cha Mtonga chili ndi asidi yemweyo amene ali m'chifu cha munthu wa ku Geneva.

Choipa chachikulu cha lamuloli n'chakuti likuchotsa chipatso pamalo pamene chikufunika koposa. WHO imalangiza magalamu 400 a zipatso ndi masamba patsiku, osawerengera chinangwa ndi mbatata, koma kafukufuku wa STEPS uja anapeza kuti Amalawi oposa 9 mwa 10 aliwonse safika pamenepo. Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 21 pa 100 aliwonse anali onenepa mopitirira muyeso, koma 33 pa 100 anali ochepa magazi, ndipo mwa ana osakwana zaka zisanu ochepa magazi anali 63 pa 100. Kuchepa magazi kuli ndi zifukwa zingapo, malungo ndi likodzo zili m'gulumo kunyanja kuno, koma chimodzi ndi kuperewera kwa ayironi. Ayironi wa mu chigwada, nyemba ndi bonongwe ndi wovuta kuyamwa, ndipo vitamini C amamusintha kuti alowe m'thupi mosavuta, pokhapokha ziwirizi zikumane m'mimba nthawi imodzi. Gwafa, papaya, lalanje, mango kapena madzi a ndimu ofinyira pa ndiwo zimagwira ntchito imeneyi pa chakudya chomwecho, ndipo papaya wodyedwa yekha mbandakucha sangathandize chigwada cha masana. Ngati pali chinthu choyenera kuchilekanitsa ndi chakudya, ndi tiyi, amene amalimidwa m'boma lomwelino ku Kawalazi. Tiyi wakuda ali ndi mankhwala achilengedwe amene amamanga ayironi wa m'masamba ndi nyemba, ndipo kapu imodzi yomwera chakudya ikhoza kudula ndi kuposa theka ayironi amene thupi likanayamwa. Kudikira ola limodzi chitatha chakudya kumachepetsa vutoli kwambiri, makamaka kwa mayi woyembekezera ndi mtsikana amene wayamba kusamba.